Onga Wakuda Safuna Chibwana

Zikomo a tcheyamani, zikomo azibambo ndi azimayi nonse. Ana kumbuyoko, tachepetsani phokoso. Ndaima pano chifukwa ena mwa ife kuno ku America tayamba kuitanidwa m'magalaja mwa aneba kukaona momwe amadzaziranso zipolopolo za mfuti zamakedzana, ndipo anyamata athu akopeka nazo.

Tiyambe ndi lamulo, achimwene. Amene muli pa viza ya kanthawi, ngati ya sukulu, boma la America sililola ambiri a inu kusunga mfuti kapena zipolopolo. Funsani kaye musanagwire kanthu.

Mfuti zake ndi za m'ma 1870, za Sharps ndi Springfield. Chipolopolo chotchuka ndi .45-70, chomwe asilikali a kuno adayamba kugwiritsa ntchito mu 1873. Nambala 70 ija ndi kulemera kwa onga, ma grain 70, pafupifupi magalamu 4.5. Mpaka lero anthu amapikisana nazo ku Raton, New Mexico, kugwetsa zitsulo zosemedwa ngati nkhuku, nkhumba, nkhukundembo ndi nkhosa. Nkhosayo imaima pa mtunda wa mamita 500.

Onga wake ndi uja wakuda, mtundu womwe akuluakulu kwathu ankathira m'gogodela. Kanthethe kamodzi kokha, wayaka wonse nthawi imodzi, simupeza mpata wothawa. N'chifukwa chake patebulo la munthu wodziwa mumaona choyezera chamkuwa, faneli yamkuwa, chubu chamkuwa. Chitsulo chikakhulana ndi chitsulo chimathetheka, mkuwa ayi. Pulasitiki nayenso ambiri amamupewa, poopa timagetsi tija timathetheka mukamavula juzi mumdima nyengo yachisanu ino. Fodya, hita, kandulo, zonsezo kunja. Onga mumagula wa kufakitale, osati wopanga nokha, ndipo azikhala m'chitini chake chomwecho, chotseka, kutali ndi ma primer, timakapu tija timene timayatsa onga m'chipolopolo. Patebulo pazikhala wochepa amene mukugwiritsa ntchito basi. Akatayika pansi, pukutani ndi nsanza yonyowa. Makina okoka fumbi aja musawayandikize n'komwe, mota yake imatulutsa moto mkati.

Tsono apa mumvetsere bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amapusa. M'chigoba cha chipolopolo musamatsale mpata pakati pa onga ndi mutu wake wa mtovu. Munthu amaganiza kuti, ndithire pang'ono kuti mfuti isandikankhe paphewa. Akasiya mpata, mphamvu ija imamenya pamalo amodzi, chipinda cha mfuti, momwe mumalowa chipolopolo, n'kutupa mkati, mfuti yawonongeka, mwina nkhope nayonso. Ndiye amatani? Amathira onga pang'onopang'ono kudzera m'chubu chachitali cha masentimita ngati 60, kuti akhazikike bwino. Pamwamba amaika kachikatoni kozungulira, n'kutsindira pang'ono, kenako mtovu ukhale wogundana ndi kachikatoniko. Ine ndikaona munthu akudzaza zipolopolo uku akuonera mpira pa foni, ndimatsanzika n'kumapita.

Chachiwiri chake n'chakuti onga alipo wamitundu iwiri. Wamakono uja wopanda utsi adatulukira ku France mu 1884, ndipo mphamvu zake ndi zina. Mukathira muyeso wa wakuda koma onga ali wamakono, mpope wa mfuti umang'ambika m'manja mwanu. Osasakaniza, ndipo chitini chopanda dzina musachikhulupirire ngakhale mwapatsidwa ulere. Wakudayonso ali ndi kukula kwake, Fg, FFg, FFFg. Ma F akachuluka ndiye kuti ngosalala, amayaka msanga. Buku la miyeso likuuzani woyenera mfuti yanu, komanso sikelo izikhala pafupi yotsimikizira.

Amayi, mbali iyi ikukhudzani, chifukwa imalowa m'nyumba. Ambiri amaumba okha mitu ya zipolopolo posungunula mtovu, umene umasungunuka pa madigiri 327. Dontho la madzi, ngakhale thukuta, likalowa pansi pa mtovu wosungunuka umathovokera kumaso. Magalasi oteteza maso, magolovesi achikopa, zitseko zotsegula. Mtovu ndi poizoni, umaononga ubongo wa mwana mosaonekera. Mwana asalowe m'galajamo, woyembekezera asachape zovala zimenezo, bambo asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima.

Mukabwera koombera, mwaye wa onga wakuda umakoka chinyezi, dzimbiri limayamba usiku womwewo. Zigoba muziviike m'botolo la madzi asopo mukadali komweko, mpope muutsuke ndi madzi, muumitse, mupake mafuta. Zigobazo ziume mpaka mkati musanathiremonso onga, ndipo chomwe chang'aluka pakamwa mutaye.

A tcheyamani, ndaona dzanja kumbuyo uko. Funsani, bambo.