Mawu a m'mawa: Anabwerera kukatenga mnzake

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, a ku Ulongwe, Domue, Tsangano ndi kwina konse. Lemba lathu ndi Yohane 15:13, pomwe Ambuye Yesu akuti palibe chikondi choposa cha munthu wotaya moyo wake chifukwa cha abwenzi ake.

Lero tikumbukire Private Chancy Chitete, msilikali wachinyamata wa ku Malawi. Mu November 2018 anali m'nkhalango za kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa Congo, m'gulu losungitsa mtendere la United Nations, polimbana ndi zigawenga za ADF. Zipolopolo zili kuvumba, anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Omary, atagwa pansi, sangathe kuyenda. Chitete anabwerera, namukokera pobisika, nayamba kumuthandiza mabala. Chipolopolo chinamupeza ali pa ntchito imeneyo. Omary anapulumuka. Pa nkhondo yomweyo anafa Amalawi angapo ndi Mtanzania mmodzi.

Chimene chandigwira mtima ine n'chakuti amene anamuferayo sanali mbale wake. Sanali wa kumudzi kwawo, ngakhale wa dziko lake. Ife kuno tikati mnzathu timayamba tafunsa mfunda, mpingo, kenaka chipani, ndiye tione ngati tingamuthandize.

Koma ife a ku Angonia tilibe chowiringula. Agogo ndi makolo athu anathawa nkhondo usiku, mwana kumsana, mphika pamutu, nakagwera m'midzi ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kumeneko anthu osawadziwa anawapatsa pogona ndi kamunda, mpaka mtendere wa pa 4 October 1992 unawabweza kwawo. Ambiri tili moyo chifukwa wina wake anatigwira dzanja asanafunse kuti ndife a kwa yani.

Mu May 2019 António Guterres, mkulu wa United Nations pa nthawiyo, anapereka mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima, kwa mkazi wa Chitete ku New York. Ulemu waukulu ndithu. Komatu mayi wamasiye akatseka chitseko madzulo, mendulo siyankhula naye, ndipo siipita kudimba. Kumeneko ndi kumene mpingo umafunika, osati tsiku la maliro lokha.

M'mudzi mwanu simungalephere kupezamo mayi amene mwana wake ali ku tropa, ku usilikali, ku Cabo Delgado, amene foni ikalira usiku amayamba wanjenjemera asanaione. Musanapite kumunda kapena kumsika, kamudzutseni, mumufunse kuti mnyamatayo anaimba liti komaliza.

Tipemphere. Atate, tonthozani banja la Chitete ndi mabanja a anzake amene anagwa naye. Tetezani ana athu amene agona m'tchire atagwira mfuti ku Macomia ndi ku Mocímboa da Praia, muwabweze kwa amayi awo ali amoyo. M'dzina la Yesu, Amen.