Nkhope yopanda pakamwa

Moni abale anga a kuno ku Joni ndi inu a kumudzi amene mukumvetsera, lero mawu andisasa pang'ono ndiye mundipirire. Lachisanu usiku apolisi anatigwera pomwe timakhala paja, mukudziwa kale mmene zimakhalira, chitseko kugogodedwa mwa mtundu uja aliyense kupapasa pepala lake mumdima. Ine ndinapulumuka koma mnyamata amene timagona chipinda chimodzi anamutenga, ndipo komwe amawapititsa sindichita kukuuzani. Mayi ake akungondiimbira pa WhatsApp kuchokera ku Mangochi, ine nkumati mayi limbani mtima tikuyendetsa, pomwe mumtima mwangamu mukuyaka moto.

Loweruka ku ntchito sindinapite. Paja ine ndimapenta nyumba, ndipo bwana wanga mpaka lero akundikanirira ndalama za nyumba ina ku Randburg, akuti kasitomala sanalipire pomwe ndinamuona ndi maso angawa akulandira, khoma lonse lija ndinalipala ndekha dzuwa likuswa mtengo, ayi zikomo, Mulungu akuona. Koma penti wotsala m'zitini salabadira ndiye ndimatenga, PVA woyera, wakuda pang'ono, ndi wofiira uja wa pa geti. Ndinatola chibodi cha siling'i chotayidwa nkuyamba kudzijambula ndekha, osayang'ana pagalasi.

Chimene chinatuluka chinandiopsa abale. Maso aakulu ofiira, makutu otambalala, koma pakamwa palibe. Sindinachite kupangana nalo dzanja, linangodumphapo lokha. Ndinakhala pansi nkuvomera kuti ameneyu ndi ineyo ndithu. M'taxi ya ku Bree ndimakhala duu, foni ikalira ndimadula kuopa kuti Chichewa chingandiulule. Ku ntchito ndi yes boss basi. Ndikaimba kumudzi ndi zonse zili bwino, ndalama ndituma mawa. Ine amene ku Zomba ndinkayambitsa nyimbo pa kwaya tchalitchi chonse kutekeseka!

Amuna anzanga ndimvereni apa. Timati mwamuna salira, ndiye mkwiyo timakaumwera mowa, ena nkukaubweza kwa mkazi kunyumba, ena kungodwala BP osadziwa chayambitsa. Kumudzi zikakuvuta pali amalume, pali ankhoswe, pa maliro mudzi wonse umalira nawe. Kuno udandaulira ndani, aliyense akuthamangira lendi yake? Koma chinthucho chikakhala m'chifuwa chimawola. Ine nditachiona pa bodi paja, chili ndi mtundu wake ndi malire ake, ndinapuma bwino koyamba chichokereni apolisi aja. Mantha sanathe ayi, koma ndinawayang'ana m'maso.

Achimwene ena a chipinda choyandikana anaseka, akuti zimenezi ndi za ana a sukulu. Ndinawauza za Gerard Sekoto, mwana wa dziko lomwe lino, amene anajambula lokeshoni ya Sophiatown ya kuno ku Joni boma lisanaigwetse. Mu 1940 Johannesburg Art Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi ya pa Joubert Park paja, pomwe timadutsa tsiku ndi tsiku, inagula chithunzi chake, choyamba cha munthu wakuda kulowa mmenemo. Mu 1947 ananyamuka ulendo wa ku Paris, ankaimba piyano m'mabala kuti adye, ndipo anamwalirira ku France komweko mu 1993 osapondanso kwawo. Mtchona weniweni! Ali kumeneko ankajambulabe anthu a m'malokeshoni a kwawo kuchokera m'mutu, ndiye kusowa kwanu kumene tikumvaku eni dziko linonso anakulawapo, wina asandiuze kuti bulashi ndi chibwana.

Lamlungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, amene muli pafupi bwerani kwathu. Penti alipo wokwanira, mabulashi ndili nawo, inu mungonyamula makatoni kapena chibodi chilichonse, ndipo alongo athu ogwira m'makhitchini amene off yanu imagwera Lamlungu mubwerenso, malo tipanikizana.