Dokotala wa ku Vienna amene analeka viza ya ku America kuti ithe

Moni nonse kulikonse kumene mukundimvera, a ku Joni, a ku Leeds, ndi inu akumudzi amene mwadikira bandulo ya usiku. Ndi ine uja wa ku Vienna. Za lendi ndi kuzizira tipumuleko kaye lero. Ndikufuna tikumbukire munthu wina wa mumzinda uno, a Viktor Frankl, Myuda amene anali dokotala wa matenda a ubongo, mitsempha ndi maganizo. Anabadwira kuno mu 1905, n'kumwalirira konkuno pa 2 September 1997.

Kuno kuli kamsewu kotchedwa Mariannengasse. Pa nambala 1 ndi pamene ankakhala nkhondo itatha, ndipo lero m'nyumbamo muli kamyuziyamu ka moyo wawo. Chipatala cha Poliklinik, kumene anayang'anira gawo la ubongo kuyambira 1946 mpaka 1970, chinali mumsewu womwewo.

Mtima wa odwala anayamba nawo adakali pasukulu. Zotsatira za mayeso zikatuluka, ana ena a mumzinda uno ankadzipha, ndiye iwo anayambitsa malo oti achinyamata azikalandirako uphungu kwaulere. Kuyambira 1933 mpaka 1937 anali pachipatala cha Steinhof, akusamalira amayi amene ankafuna kuchotsa moyo wawo. Hitler atalanda Austria mu 1938, madokotala achiyuda analetsedwa kuthandiza amene sanali Ayuda, ndipo mu 1940 a Frankl anapita kukatsogolera gawo la ubongo pachipatala cha Ayuda cha Rothschild. Nthawi imeneyo a Nazi, a chipani cha Hitler, ankapha odwala misala. Adokotalawa ankalemba dala matenda olakwika m'mafayilo. Wamisala ankamulembera kuti ali ndi vuto la mu ubongo lomulepheretsa kulankhula bwino, wina kuti akubwebweta chifukwa cha kutentha thupi. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndimaona mphamvu ya kamzere kamodzi m'fayilo. Kangathe kusamutsa gogo chipinda, kangathe kumusinthitsa mankhwala. Kwa a Frankl kamzereko kanali moyo wa munthu, ndipo akanagwidwa, akanapita okha.

Tsopano mvetserani apa, inu anzanga amene munagonapo ndi nkhawa ya zitupa. Mu 1941 viza yawo yopita ku America inatuluka. Myuda, mu Vienna ya a Nazi, viza ili m'manja! Koma inali ya munthu mmodzi. Komanso udindo wawo pachipatala ndi umene unkatchinjiriza makolo awo okalamba kuti asatengedwe kupita kundende. Iwo eni anafotokoza kuti ali mkati mosinkhasinkha, anaona kachidutswa ka mwala wa nsangalabwi pa tebulo kunyumba. Bambo awo anakatola pabwinja la sunagoge amene a Nazi anawotcha. Pamwalapo panali chilembo chimodzi cha Chiheberi, chochokera pa Malamulo Khumi. Atafunsa kuti ndi lamulo liti, bambowo anayankha kuti ndi lija lonena kuti lemekeza atate ako ndi amako. A Frankl anakhala. Viza inatha ili m'nyumba.

Mukuganiza kuti makolowo anapulumuka? Ayi. Mu September 1942 a Frankl, mkazi wawo ndi makolo awo anatengedwa kupita kundende ya Theresienstadt. Bambo awo anamwalirira kumeneko mu 1943 ndi njala ndi chibayo, mwana wawo atawabaya kamankhwala koletsa ululu kamene analowa nako mozembetsa. Mayi awo ndi mchimwene wawo anaphedwa kundende ya Auschwitz. Mkazi wawo, a Tilly, amene anakwatirana nawo mu 1941, anafera kundende ya Bergen-Belsen. A Frankl anamasulidwa mu April 1945 kundende ya ku Türkheim, ku Germany, n'kubwerera ku Vienna kukapeza kuti palibe wowalandira. Mlongo wawo Stella yekha ndiye anatsala, chifukwa anali atathawa kale, mpaka kukafika ku Australia.

Nkhaniyi anthu amakonda kuikamba ngati ulaliki wa mwana womvera. Ine sindiimva choncho. Stella anachoka, anakhala ndi moyo, ndipo sindikuona amene angamuloze chala. Mlongo wake anatsala, makolo anafabe, koma analipo kusamalira bambo ake m'masiku awo omaliza. Ife ambiri tinasankha ngati Stella, ngakhale kuti chimene tinathawa ndi ulova, osati imfa. Timatumiza ya feteleza, ya fizi, ya mankhwala a shuga. Mayi akagonekedwa, timaimba WhatsApp pa nthawi yopuma, titabisala m'chipinda chosinthira zovala, kumamufunsa amene akudikirira matenda kuti adya kapena ayi. Ine ndimadyetsa phala amayi a eni, anga akudyetsedwa ndi mlamu.

Za kupemphera a Frankl sankazionetsa. Mu 1947 anakwatira namwino wachikatolika, a Eleonore Schwindt, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi. Pakhomopo ankakumbukira Khirisimasi ndi chikondwerero cha Ayuda cha Hanukkah chomwe, ankapita kutchalitchi ndi kusunagoge komwe, popanda wina kukoka mnzake. Atamwalira m'pamene zinamveka bwino kuti ankapemphera tsiku ndi tsiku ndiponso kuti Masalimo ambiri ankawadziwa pamtima. Koma m'chipinda choonera odwala sankalalikira. Chiphunzitso chawo chinali choti munthu amapirira zowawa akapeza chifukwa chokhalira ndi moyo, ndipo chifukwacho wodwala ayenera kuchipeza yekha, kaya ndi wopemphera kaya ayi. Zimenezi ndimazilemekeza, chifukwa ndaonapo anzanga ena pantchito akuumiriza pemphero pa gogo amene sangathe n'komwe kukana.

Ndiye musawaone ngati munthu wankhope yakugwa. Ankakwera mapiri mpaka ukalamba, ndipo ali ndi zaka 67 anayamba kuphunzira kuyendetsa ndege.

Chitupa changa chokhalira kuno chikutha mu March. Mayi anga akudwaladwala. Fomu yowonjezera ndadzaza kale, ndipo Lolemba ndikukaisiya. Amene munabwerera kumudzi chifukwa cha makolo, nditumizireni mavoisi, ndidzawaika m'gawo la sabata yamawa.