Wothawa Kwawo Ayambe Wamvedwa

Ndakupatsani moni abale anga ku Moatize, ku Ulongwe ndi ku Zóbuè. Dzulo chapa (minibasi) imene ndinakwera pochokera kumalire inaimitsidwa, ndipo apolisi anatsitsa anyamata a ku Ethiopia opanda zitupa. Mmodzi anali atakumbatira kajumbo kokhala ndi botolo la madzi ndi foni yosweka galasi. Mayi wina anafuula kuti awabweze kwawo tsiku lomwelo, ndipo mawu amenewo andisowetsa tulo.

Kumene ankapita mukukudziwa: ku Joni, kudzera pa Cuchamano, pamalire a Mozambique ndi Zimbabwe. M'chigawo chathu chomwechi cha Tete, mu Malichi 2020, anzawo 64 anapezeka atafa chifukwa chobanika m'kontena ya lole, ndipo 14 okha ndiwo anapulumuka.

Khothi lalikulu koposa la ku South Africa, loona za malamulo oyendetsera dziko, linaiunika nkhani yotere mu Disembala 2018 pa mlandu wa Alex Ruta wa ku Rwanda, amene anakhala m'dzikomo kupitirira chaka asanapemphe chitetezo. Oweruza anatsamira pa ndime 33 ya pangano la mu 1951 lokhudza othawa kwawo, imene imaletsa kubweza munthu kumene moyo kapena ufulu wake uli pachiswe, ndipo anagamula kuti kuchedwa sikumutsekera khomo: ayambe wamvedwa. Mu 2023, pa mlandu wa Ashebo wa ku Ethiopia, khothi lomwelo linati wolowa mozemba afotokoze chifukwa chomveka, ndipo akhoza kusungidwa m'ndende nkhani yake ili mkati. Zimenezi zimandiwawa, komabe kumubweza asanamve mbali yake sikunaloledwe.

Tsono ife Amalawi amene tinatsata ganyu ya kumalasha, madobadoba asatinamize. Umphawi, ngakhale uli wowawa, suli m'pangano limenelo, ndipo wopeka nkhani ya chizunzo amatsekera njira mnzake amene akuthawa imfa yeniyeni.

Kulandira alendo ife sitiphunzitsidwa. Nthawi ya nkhondo ya kuno, Malawi inasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique, ndipo malemu agogo anga ku Ntcheu anadulira banja la ku Angónia ndime ya munda wawo osafunsa chitupa. Mu 2016 anthu a m'chigawo chino anathawiranso ku Kapise, m'boma la Mwanza, kenako anawasamutsira ku Luwani, ku Neno.