Mavidiyo a masamu: mwana akaonera, agwire pensulo

Zikomo amfumu, a komiti, amayi ndi abambo nonse. Takuitanani chifukwa cha mphekesera yamveka sabata inoyi, yoti ana akungoonera mafilimu m'kalasi. Ena mpaka mwawaletsa kubwera. Ayi makolo anzanga, si choncho.

Timawaonetsa timavidiyo tatifupi ta masamu. Mphunzitsi amayamba waphunzitsa pa bolodi, kenaka n'kuonetsa, n'kuimitsa pakati kufunsa ana kuti chotsatira n'chiyani. Pomwe sanamve timabwereza, ndipo mafulakishoni amawaona ndi maso chinthu chikugawidwa. Koma kuonera si kudziwa ayi. Mwana akaonera, agwire pensulo.

Mtsikana wina wa Sitandade 3 anaonera ya kuchotsera kobwereka, akugwedeza mutu kuti wamva. Nditamupatsa 52 kuchotsa 38, analemba 26. Anangochotsa 2 pa 8, ndi 3 pa 5, osabwereka khumi. Vidiyo ikanadziwa bwanji kuti walakwa? Tinatenga timitengo tomanga khumikhumi, n'kumasula mtolo umodzi, m'pamene anapeza 14.

Ee bambo, kumbuyoko? Akuti nanga mwana akapempha foni kunyumba kuti aphunzire?

Mupatseni, koma mukhale pompo, kope lili pamwendo. Foni yomweyo muli mpira ndi TikTok, mukangotembenuka wasintha. Komanso mavidiyo ambiri a pa intaneti ndi a Chingerezi, pomwe ana athu mpaka Sitandade 4 amaphunzira m'Chichewa, ndiye muyambe mwafunsa aphunzitsi musanawononge bandulo. Ndipo zomati "ine sukulu sindinapite nayo patali" tisiye. Inu omwe mumagula ndowa za usipa ku gombe, n'kukagulitsa ku boma kapena ku Namwera osalakwitsa chenji, masamu mumawadziwa! Mufunseni: munthu wagula usipa wa K3,800, wapereka K5,000, abwezeredwe zingati? Ayankhe polemba. Amene mulibe foni musadandaule, funso limenelo silifuna foni. Chondidandaulitsa ine ndi ana omwe mumawalola kuchezera ku nyanja usiku, m'mawa n'kumaodzera m'kalasi. Ameneyo ngakhale vidiyo siingamuthandize.

Ndaona dzuwa lakula, ndifulumire. Vidiyo ikhale imodzi, yaifupi. Aimitse, alembe, ayesere yekha samu ina. Ikamukanika, abwere nayo mawa kwa aphunzitsi. Ndabwerezanso, akaonera agwire pensulo. Amene mukukayikabe, bwerani Lachitatu m'mawa mudzakhale nawo m'kalasi, mudzadzionere nokha.