Kulanga mwana koti atolepo nzeru

[Chithunzi: m'mawa ku Ndirande, amayi ali pamzere ndi ndowa pa kiyosiki, ana a yunifolomu akudutsa]

Moni makolo anzanga, agogo, azakhali ndi amalume amene mukulera ana a abale. Mwamutuma mwana kumsika kukagula tomato ndi mafuta ophikira. Wabwera, chenji yaperewera, milomo ikunyezimira mafuta a mandasi. Mumatani?

Ambirife dzanja limathamangira ku mthiko, ena ku lamba, ena amavula patapata. Inenso ndinachitapo. Mnyamata wanga ali Sitandade 4 ndinamukwapula pa nkhani yomweyi. Sabata yotsatira chenji inapereweranso, koma ulendo uno anabwera atapukuta pakamwa, n'kunena mosaphethira kuti, "Amayi, zinthu zakwera mtengo." Zinandiwawa mumtima. Ndinkafuna mwana wokhulupirika, koma chimene anatola pa mkwapulo uja n'chakuti asamagwidwe.

[Wofotokoza ali pakhonde, wayang'ana kamera]

Tamvetserani mawu akuti kulanga. Ku chinamwali anamkungwi akamalanga namwali amakhala naye pansi, kumuuza za moyo, za ulemu, za kudzisamala. Anthu akamalowa m'banja timati akalangidwe, ndipo palibe amaganiza zonyamula chikoti. Kulanga, kulangiza, malangizo, onsewa ndi a mtundu umodzi. Makolo athu ankadziwa kuti pakulanga payenera kukhala phunziro. Ife tatsala ndi ululu wokha, phunziro tinalisiya m'njira.

Mwana akagwidwa ndi mantha, mtima umagunda, thupi lonse limakonzekera kuthawa kapena kudziteteza. Nthawi imeneyo mawu anu sakulowa, maso ake ali pa dzanja lanu. Komanso mbali ya ubongo ya kutsogolo kuno, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Ndiye wa zaka 9 akaona mandasi otentha ndalama ili m'manja, kudziletsa kwake n'kochepa ndithu. Sindikuti timulekerere, ayi. Ndikuti kudziletsako kumafuna kuphunzitsidwa ngati mmene timaphunzitsira kuphika nsima: pang'onopang'ono, wina ali pambali.

[Chithunzi: patebulo pali kope, pensulo ndi ndalama zachitsulo]

Nditaona kuti mkwapulo walephera, ndinayamba ndi kudzigwira ndekha. Ndinatuluka panja, ndinatsuka mbale kaye mpaka mtima unatsika. Kenako ndinamuitanira kuchipinda, osati pabwalo pomwe ana a pa loti yonse akuonerera. Mwana ukamuchititsa manyazi pagulu, amakumbukira manyaziwo, cholakwa chija amaiwala.

Ndinamufunsa kuti, "Tandiuza, zinayenda bwanji?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaulula. Anawonjezeranso china chimene sindinkachidziwa: m'mawa ankachoka osadya chifukwa choopa kuchedwa pa asembule. Pamenepo vuto lina linali langa, ndipo ndinavomera pamaso pake.

Koma ndalama anatengabe popanda chilolezo, ndiye inayenera kubwezedwa. Tinatenga kope. Analemba yekha ndalama imene ndinamupatsa, mtengo wa tomato, mtengo wa mafuta, n'kuchotsera. Yoperewerayo tinagwirizana kuti izichoka pa ndalama yake yodyera kusukulu, pang'onopang'ono, mpaka ithe. Ndipo sindinasiye kumutuma. Apa ndi pamene ambiri timaphonya: timati "iwe sindidzakutumanso", ndiye kukhulupirikako adzakuyesera pati? Ndinkamutuma tsiku ndi tsiku, akabwera tiwerengere limodzi. Masamu ochotsera amene ankamuvuta m'kalasi anawagwira pa kope lomwelo.

Chilango chizifanana ndi cholakwa. Wataya madzi amene mwapanga nawo mzere kuyambira m'bandakucha, akolope, mawa mupite naye ku kiyosiki aone kutalika kwa mzerewo. Wang'amba buku la mnzake, alimate yekha, akapepese ndi pakamwa pake. Wachedwa ku mpira mpaka mdima, mawa mpira kulibe, ndipo mukanena kuti kulibe, kusakhaledi. Ana amadziwa msanga kholo limene limangoopseza. Kwa wa zaka ziwiri kapena zitatu zokambirana zazitali n'zosathandiza: muchotseni pafupi ndi mbaula, nenani kuti "moto, umawotcha", mupatseni china chosewera nacho.

Kumumana nsima ndiye ayi. Njala siphunzitsa mwana chilichonse kupatula kukaba kwina.

[Chithunzi: bwalo la sukulu, makasu ndi zikwanje zili pansi pa mtengo]

Aphunzitsi, ndikudziwa kuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi ndi odzaza, ndipo ntchito yanu ndi yolemetsa. Komabe taganizirani mwana amene wachedwa chifukwa wayenda pansi mtunda wautali, inu n'kumupatsa dzenje loti akumbe anzake akuphunzira. Wataya phunziro loyamba chifukwa chochedwa, lachiwiri ndi lachitatu chifukwa cha chilango. Kenako tidabwe kuti walephera mayeso. Bwanji alowe, aphunzire, ndipo pa buleki akopere zimene anaphonya? Ndiponso khasu likamangotuluka mwana akalakwa, adzakula akuona kulima ngati chilango, m'dziko limene timadalira khasu lomwelo.

Wina anena kuti, "Ife tinakula ndi chikoti ndipo tili bwinobwino." Ndakumvani. Koma kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana anapeza kuti atsikana awiri mwa asanu aliwonse, ndi anyamata awiri mwa atatu aliwonse, anamenyedwapo kapena kuvulazidwa asanafike zaka 18. Ambiri mwa amene anawachita zimenezi ndi anthu oti anawo amawadziwa ndi kuwadalira. Ndipo tonse tamvapo pa wailesi za mwana wotenthedwa manja chifukwa chotapa ndiwo mumphika. Kholo limenelo silinadzuke ndi cholinga cholumaza mwana wake. Linayamba ndi "ndimuphunzitse", mkwiyo n'kulipitirira. Amene mumagwira mawu a m'Malemba onena za ndodo, werenganinso Aefeso 6:4, pamene atate akuuzidwa kuti asakwiyitse ana awo koma awalere m'chilangizo.

Malamulo nawo sanakhale chete. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa chilango chokwapula m'makhoti ndi pamaso pa nthambi za boma. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limapatsa makolo udindo wowongolera mwana komanso womuteteza ku nkhanza, ndipo kuyambira 2017 aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana.

[Pa sikirini palembedwe: 116]

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukamva kulira kwa mwana kuseri kwa mpanda usiku ndi usiku, mukaona zipsera pamsana kapena m'manja, imbani 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana. Mukhozanso kupita ku ofesi yothandiza ozunzidwa pa polisi imene muli nayo pafupi. Ngati mwana wavulala, thamangirani naye kuchipatala kaye, pa Queen Elizabeth kapena chaching'ono cha m'dera lanu, zokambirana za pabanja zibwere pambuyo.