Loweruka ku London: mmene Atcheki ndi Asilovaki amasungira chinenero ndi chakudya chakwawo

[Pa sikirini: nyumba ya pa West End Lane, London]

Moni nonse. Nyumba mukuionayi ili ku West Hampstead. Kuyambira mu 1946 yakhala pokumanira anthu ochokera ku Czechoslovakia, ndipo oyamba anali asilikali omwe anamenya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ali mbali ya Britain. Ena anathawira kuno mu 1948 achikomyunizimu atalanda boma, enanso mu 1968 akasinja a Soviet Union atalowa mu Prague. Khamu lalikulu linadza kuchokera mu 2004, Czechia ndi Slovakia zitalowa mu European Union. Kwawo dziko linagawika pawiri pa 1 January 1993, koma kuno ambiri amadyerabe limodzi.

Mowa wa pa nyumbayi sungaphunzitse mwana kulankhula. Ntchito imeneyo imagwiridwa Loweruka m'mawa.

[Pa sikirini: ana ali m'kalasi, pa bolodi palembedwa chilembo cha Chitcheki ř]

Sukulu zotchedwa Česká škola bez hranic, kutanthauza sukulu ya Chitcheki yopanda malire, zinayamba ku Paris mu 2003, ndipo ku London nakonso ilipo. Mwana amaphunzira Chingerezi mlungu wonse, Loweruka n'kubwera kudzawerenga ndi kulemba Chitcheki, komanso kumva mbiri ya dziko lake. Vuto silikhala kumva ayi. Ana ambiri amamva zonse zimene mayi akunena, koma amayankha m'Chingerezi. Mu Chitcheki dzina limasintha mathero malinga ndi ntchito yake m'chiganizo, m'njira zisanu ndi ziwiri. Mzinda wa Prague mu Chitcheki ndi Praha, koma wopita kumeneko amati do Prahy, wokhalako amati v Praze. Mwana womva chinenerocho kwa kholo limodzi lokha amakakamira pa Praha paliponse. Maola ochepa a Loweruka sangakonze zimenezi okha, n'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikitsa kuti kholo lisasinthe chinenero ngakhale mwana ayankhe m'Chingerezi, ndipo lizimuwerengera buku usiku uliwonse. Makatuni a Krtek, kamfuko kotchuka ka ku Czechia, ana amawakonda, koma kanyamako sikalankhula kwenikweni, ndiye musadalire zimenezo. Bwino kuimbira agogo pa vidiyo, makamaka agogo osadziwa Chingerezi, poti pamenepo mwana alibe kothawira.

[Pa sikirini: mapaketi atatu a ufa]

Tilowe kukhitchini, komwe ongofika kumene amagwa mphwayi msanga. Ku Czechia ndi ku Slovakia ufa watirigu umagulitsidwa malinga ndi kusalala kwake, monga ife timasiyanitsira ufa woyera ndi mgaiwa. Pali hladká wosalala, polohrubá wapakati, ndi hrubá wamiseremisere. Knedlíky, mabanzi owiritsa omwe amadyera nyama ya msuzi, amafuna hrubá. Mukagwiritsa ntchito ufa wamba wa m'masitolo a ku Britain amatuluka omata, olemera. Pitani ku sitolo ya anthu a ku Poland mukafunse krupczatka, apo ayi sakanizani ufa wamba ndi semolina (misere ya tirigu) wosalala.

Muyezo wake nawu: magalamu 500 a ufa, mamililita 250 a mkaka wofunda, dzira limodzi, magalamu 20 a yisiti yaiwisi, mchere, ndi banzi logona lodulidwa timabenthu. Kandani, siyani pafupifupi ola limodzi kuti ufufume, kenaka umbani mipukutu iwiri. Iwire m'madzi amchere mphindi 18 mpaka 20, mutembenuze pakati pa nthawiyo. Mukangovuula, boolani ndi foloko pomwepo kuti nthunzi ituluke. Mukachedwa mpukutu umafwapa n'kulimba. Podula amagwiritsa ntchito ulusi, chifukwa mpeni umaufinya ukadali wotentha.

Asilovaki vuto lawo ndi bryndza, tchizi chofewa cha mkaka wa nkhosa chomwe amathira pa halušky, timibulu towiritsa ta mbatatesi ndi ufa. Kale ankangonyamula m'chikwama pochokera kwawo, koma mu April 2025 Britain inaletsa apaulendo kulowetsa nyama ndi zamkaka zochokera ku European Union poopa matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi a ziweto. Fufuzani lamulo musanalongedze. M'malo mwa bryndza ambiri amasakaniza feta, tchizi cha ku Greece, ndi kirimu wowawasa. Sizifanana, komabe mbale imatha.

[Pa sikirini: kalendala ya December]

Madzulo a pa 5 December kumabwera munthu wovala ngati Mikuláš, yemwe ndi Nikolasi Woyera, limodzi ndi ovala ngati mngelo ndi mdyerekezi, ndipo mwana amayenera kulakatula ndakatulo kapena kuimba asanalandire maswiti. Mgonero waukulu ndi wa pa 24 December: nsomba ya carp yokazinga ndi saladi wa mbatatesi, ndipo m'mabanja ambiri a Asilovaki pamakhalanso msuzi wa kabichi wowawasa wotchedwa kapustnica. Carp siipezeka mwachisawawa ku London, ndiye odani kukadali milungu ingapo.

Za mapepala tinene mwachidule, koma mumvetsetse. Kuyambira mu 2014 Mtcheki atha kutenga unzika wa Britain osataya wakwawo. Msilovaki asathamange: lamulo la ku Slovakia la mu 2010 limalanda unzika kwa wotenga wina, ndipo kusintha kwa mu 2022 kumateteza amene anakhala m'dziko latsopanolo movomerezeka kwa zaka zosachepera zisanu. Funsani ku ofesi ya kazembe musanalumbire.